Nsima yokha ingatisunge? Mafunso ndi mayankho pa za chimanga ku Chazanga

Ku Chazanga, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, chimanga chili paliponse. Chili m'matumba a makilogalamu 25 osanjikizidwa pakhomo pa sitolo, chili m'timapepala ta pamela pa kantemba, chili pa mbaula za amayi owotcha chachiwisi m'mbali mwa msewu wa Great North, ndipo mvula ikagwa chimamera kuseri kwa nyumba ndi pa puloti iliyonse imene mwini wake sanamangepo. Derali lili pamalire a tauni ndi midzi ya Mfumu Mungule, choncho pali ogula ufa wa m'thumba, palinso onyamula chidebe kupita ku chigayo. Onsewa amagwirizana chinthu chimodzi: munthu amene wadya mpunga kapena buledi sanadye. Chakudya chimene timachidalira chonchi tiyenera kuchidziwa bwino, zimene chimatipatsa ndi zimene sichingathe.

Mu njere ya chimanga muli chiyani kwenikweni?

Tengani njere imodzi youma, muiviike usiku wonse, m'mawa muing'ambe ndi chala. Muona zigawo zitatu. Kunja kuli khungu lolimba, lomwe likachoka timati gaga kapena madeya. M'kati muli choyera chochuluka, chomwe ndi sitachi. Ndiye chakumunsi, pafupi ndi pomwe njere inamatirira ku chitsononkho, pali kamtima kofewa kamafuta, komwe ndi kamene kamamera mukadzala.

Pa magalamu 100 a chimanga chouma, pafupifupi 70 ndi sitachi, 9 kapena 10 ndi mapuloteni omanga thupi, ndipo 4 ndi mafuta. Zonse pamodzi zimapereka makalori pafupifupi 360. Apa ndi pomwe pagona ulemu wa chimanga: ndi mphamvu yotsika mtengo, yosungika, yokhutitsa. Woumba mabuloko, wokankha wilibala ku msika wa Soweto, mayi wochapa zovala za eni tsiku lonse, onsewa akuyendera sitachi ya chimanga.

Koma zabwino zina zija sizinamwazike mofanana mu njere. Kamtima kaja n'kakang'ono, gawo limodzi mwa magawo khumi a njere, koma ndi kamene kasunga mafuta ambiri, vitamini E, vitamini B1, maginiziyamu, ayironi ndi zinki. Khungu lasunga faiba, amene amathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino ndi kuti munthu asamve njala msanga. Choyera chija chili ndi mphamvu ndi mapuloteni ena, basi. Chimanga chilibenso guluteni, choncho amene tirigu amawavuta m'mimba angadye nsima mopanda mantha.

Ndiye pakati pa breakfast, roller ndi mgaiwa, ufa wabwino ndi uti?

Ku thupi, mgaiwa ndiye woyamba, roller wachiwiri, breakfast wotsiriza. Pa mtengo ndi pa ulemu, mndandanda umatembenuka, ndipo izi zimandiwawa.

Mgaiwa ndi chimanga chathunthu chogayidwa chosakonola. Chimene mwalowetsa ku chigayo ndi chimene chimatuluka. Roller amamuchotsa gawo lina la gaga koma kamtima kena kamatsalira. Breakfast amamuchotsa khungu ndi kamtima pafupifupi zonse kuti ayere ndi kusalala. Ufa woyera wa kumudzi, uja wokonola, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka ndi kuyanika, umataya zambiri kuposa apa, chifukwa mavitamini a B amasungunuka m'madzi ndipo amapita ndi madzi oviikira aja.

Zochotsedwazo sizitayidwa. Zimagulitsidwa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba, ndipo kamtima amakafinyamo mafuta ophikira. Ndiye kuti banja limalipira ndalama zambiri kugula ufa wochotsedwa zabwino, pamene gawo lonona la chimanga likunenepetsa nkhuku.

Chikondi cha ufa woyera mbee si cha lero, ndipo chinagwedezapo dziko. Mu Disembala 1986 boma la Kenneth Kaunda linachotsa thandizo la mtengo pa breakfast n'kulisiya pa roller. Mtengo wa breakfast unakwera koposa kawiri, roller anasowa m'masitolo, ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu anafa, boma linabweza chigamulo. Mu Juni 1990 mtengo wa ufa unakweranso ndipo Lusaka inayaka. Kuyambira kale roller amaonedwa ngati ufa wa osauka, woti mlendo akabwera muubise. Maganizo amenewa ndi amene ayenera kutha. Mayi wophika roller kapena mgaiwa sakuchepetsa banja lake. Akulipatsa chakudya chokwanirako pa ndalama zochepa.

Koma mgaiwa suchedwa kununkha. Si chizindikiro choti ndi woipa?

Ayi. Ndi mafuta a kamtima aja amene amasasa akakhalitsa, makamaka kukatentha mu Okutobala. Gayitsani wokwanira masabata awiri kapena atatu, muuyanike uzizire musanauike mu ndowa yotseka bwino. Ngati a m'nyumba sanauzolowere, yambani ndi kusakaniza theka mgaiwa theka breakfast. Lilime limaphunzira.

Ngati nsima ili ndi mphamvu chonchi, n'chifukwa chiyani ana ambiri odya nsima tsiku lililonse akupinimbira?

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo ndi wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Zifukwa zake ndi zambiri, kuphatikizapo madzi osatetezeka ndi kutsekula m'mimba pafupipafupi, zomwe a m'makomboni a Lusaka akuzidziwa bwino. Koma chifukwa chimodzi chili m'mbale.

Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa tosiyanasiyana, ndipo thupi limafuna tonse kuti limange minofu. Mapuloteni a chimanga ndi operewera tizidutswa tiwiri, lysine ndi tryptophan. Munthu wamkulu amapirirako, koma mwana amene akukula sangamange thupi ndi zoperewera. Nyemba, khobwe, nandolo ndi soya zili ndi lysine wambiri, momwemonso kapenta, mazira, mkaka ndi finkubala zikafika pamsika. Nsima ikakumana ndi nyemba, chosowa kuno chimapezeka uko. Ndiwo si zoperekeza nsima kukhosi ayi. Ndi theka la chakudya.

Vuto lachiwiri ndi kukula kwa mimba ya mwana. Phala la madzimadzi la ufa woyera, lothira shuga pang'ono ndi mchere, limadzaza kamimba ka mwana wa miyezi isanu ndi itatu, iye n'kugona, amayi n'kuganiza kuti wakhuta. Wakhuta madzi. Dokotala Cicely Williams, amene analemba za matenda otupikana a kwashiorkor m'zaka za m'ma 1930 ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, anawaona mwa ana amene analetsedwa bere n'kumangopatsidwa phala la chimanga.

Phala la mwana, kuyambira miyezi isanu ndi umodzi, likhale lolimbako, loti silikuyenderera pa supuni. Mukhale nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena kapenta wosinja n'kusefa, kapena dzira, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Masamba a chibwabwa osinja kapena nthochi yofinya zimalowanso bwino. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Likuni Phala wa ku Malawi ndi HEPS amene amaperekedwa m'zipatala za m'Zambia ndi nzeru yomweyi: chimanga chosakaniza ndi soya, chowonjezera mavitamini. Mayi wa ku Chazanga amene ali ndi mtondo ndi kapu ya nsawawa angathe kupanga chofanana nacho pakhomo.

Ndinamva kuti kudya chimanga chokhachokha kumayambitsa matenda a khungu. N'zoona?

N'zoona, ndipo matendawo ndi pelagra. Amabwera thupi likasowa niacin, yemwe ndi vitamini B3. Chimanga chili naye, koma ndi womangika mwakuti matumbo athu amalephera kumutenga. Thupi likhoza kudzipangira niacin kuchokera ku tryptophan, koma taona kale kuti ameneyonso ndi wochepa m'chimanga.

Zizindikiro zake n'zoonekera. Khungu limada ndi kusenda m'malo amene dzuwa limawomba: kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi kuzungulira khosi. Mbali zonse ziwiri za thupi zimagwidwa mofanana. Kenako kutsekula m'mimba, zilonda m'kamwa, ndipo akakula munthu amasokonezeka mutu. Ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa, pamene ku kiliniki mapilitsi a niacin amayamba kumuchiritsa m'masiku ochepa.

Mbiri yake imaphunzitsa zambiri. Chimanga chinachokera ku Mexico, komwe chinayamba kulimidwa zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Eni ake kumeneko amachiphika kaye m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachigaye, ndipo zimenezi zimamasula niacin. Pamene zombo zinanyamula chimanga kupita ku Ulaya, ndipo Apwitikizi anachifikitsa ku magombe a Africa m'zaka za m'ma 1500, mbewu inayenda koma kaphikidwe kaja kanatsalira. Mu 1735 dokotala Gaspar Casal anayamba kulongosola za pelagra pakati pa alimi osauka a ku Spain. Ku America, kuyambira 1914, Joseph Goldberger anasonyeza kuti si matenda opatsirana koma a chakudya, ndipo mu 1937 Conrad Elvehjem anapeza kuti chosowacho ndi niacin.

Chitsanzo cha pafupi ndi kwathu ndi cha 1990. M'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kum'mwera kwa Malawi, anthu pafupifupi 18,000 anadwala pelagra m'miyezi yochepa. Chimanga ankalandira. Chimene chinasowa pa chakudya chogawidwa kwa miyezi ingapo ndi nsawawa. Kamtedza komwe timakaona ngati kotafuna pocheza ndi kamene kankatchinga mliri.

Masiku ano amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi omwa kachasu osadya mokwanira, okalamba okhala okha amene amadya nsima ndi mchere kapena ndi masamba owiritsa okha, ndi ena amene akumwa mankhwala a TB otchedwa isoniazid. Omwa mankhwalawa asasiye okha. Akaona khungu likusintha akauze a chipatala.

Kanthu kena kopatsa chidwi: ifenso phulusa timalidziwa ngati a ku Mexico aja, koma timathira chidulo chake kapena soda mu therere ndi m'masamba, momwe zimawononga vitamini C ndi B1. Soda achepe m'ndiwo.

Nanga chimanga cha olenji n'chosiyana bwanji ndi chachikasu cha nthawi ya njala?

Akuluakulu ambiri akaona nsima yachikasu amakumbukira chilala cha 1992, pamene chimanga chachikasu chochokera kunja chinagawidwa ngati thandizo, china chitakhalitsa m'zombo ndi m'nkhokwe mpaka kununkha. Chikumbukiro chimenecho n'chomveka. Koma chimanga cha olenji ndi china. Mu 2012 dziko la Zambia linatulutsa mitundu itatu, GV662A, GV664A ndi GV665A, ntchito ya akatswiri a ZARI pamodzi ndi CIMMYT ndi HarvestPlus. Anachipanga pokwatitsa mbewu mwa njira ya nthawi zonse. Si cha GMO chimene Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana mu 2002.

Mtundu wa olenjiwo ukuchokera ku zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, wofunika pa maso, pa khungu ndi pa chitetezo cha thupi. Chimanga choyera chilibe n'komwe vitamini ameneyu. Kafukufuku wa pakati pa ana ku Nyimba, kum'mawa, anaonetsa kuti kudya chimanga cha olenji kunawonjezera vitamini A wosungidwa m'thupi, ndipo wina wa ku Mkushi anaonetsa kuti maso a ana amene anali operewera anayamba kugwira bwino ntchito mu mdima. Nsima yake ndi yotsekemerako, ndipo ana sachedwa kuikonda.

Shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A kuyambira 1998, ndipo zimenezo zathandiza, koma palibe amene angalangize mwana kudya shuga wambiri kuti apeze vitamini. Amene ali ndi kamunda ku Chazanga kapena cha kwa Mungule, mizere ingapo ya cha olenji ndi yopindulitsa. Chokhacho n'choti vitamini wake amachepa chikakhala miyezi yambiri pa malo otentha, choncho chidyedwe choyamba, choyera chitsalire. Mbatata ya olenji, maungu, mango, papaya, bondwe ndi kalembula zimapereka vitamini yemweyo.

Chimanga chachiwisi chowotcha kapena chophika, mbuliuli ndi sampu, zili ndi phindu?

Chachiwisi ndi chimanga chathunthu, khungu ndi kamtima zonse zilipo, ndipo chili ndi vitamini C pang'ono ndi folate zomwe zimachepa chikauma. Chili ndi madzi ambiri, choncho makalori ake ndi ochepa kuyerekeza ndi chouma. Chikakhala chachikasu chimapatsanso lutein ndi zeaxanthin, zimene zimasonkhana m'kati mwa diso. Mwana wochokera kusukulu mukamugulira chimanga chowotcha mwamugulira chakudya. Koma majigisi ndi ufa woyera, mafuta, mchere ndi utoto chabe. Mbuliuli ndi chiwaya nazonso ndi njere zathunthu, bola mchere ndi mafuta zichepe, ndipo zisaperekedwe kwa ana aang'ono kwambiri poopa kutsamwa. Sampu ndi wokonola, koma akaphikidwa ndi nyemba kapena nsinjiro amakhala chakudya chokwanira.

Thobwa, munkoyo ndi maheu ndi zongoziziritsa kukhosi?

Zimaposa pamenepo. Mu gaga ndi m'kamtima muli chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira ayironi ndi zinki kuti zisalowe bwino m'magazi. Ichi ndiye chilema cha mgaiwa, ndipo sitiyenera kuchibisa. Kumeretsa chimera ndi kusasitsa kumaphwanya gawo la phytate ameneyu. Chimera chimachitanso china: mukathira kasupuni m'phala lolimba lotentha pang'ono, limasungunuka lokha popanda kuwonjezera madzi, motero mwana amamwa chakudya chambiri m'kapu yomweyo. Mizu ya munkoyo imagwira ntchito yofanana. Phala lotero liwiritsidwenso pang'ono musanapatse khanda, ndipo chakumwa chimene chagona masiku mpaka kuyamba ukali si cha ana.

Tomato, mandimu, magwafa kapena masuku pa nthawi ya chakudya zimathandiza ayironi kulowa. Tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana, choncho amayi oyembekezera ndi ochepa magazi adikire kaye ola limodzi kapena awiri.

Ndili ndi matenda a shuga. Ndisiye nsima?

Simuyenera kusiya, koma muyenera kuchepetsa. Sitachi yonse imasanduka shuga m'magazi, ndipo ufa wosalala umasanduka msanga. Mgaiwa ndi wabwinoko chifukwa cha faiba, koma musanamizidwe kuti ndi mankhwala. Mitanda itatu ya mgaiwa idzakweza shuga ndithu. Mtanda umodzi wolingana ndi chibakera chanu, masamba odzaza theka la mbale, nyemba kapena nsomba pambali, ndiyo mbale yoyenera. Maheu a m'botolo ndi thobwa lothira shuga ndi zoyenera kuzipewa. Izi zikukhudzanso amene alibe shuga koma ntchito yawo ndi yokhala pansi tsiku lonse, woyendetsa minibasi kapena wogulitsa pa kantemba. Agogo athu ankadya nsima yaikulu atalima kuyambira mbandakucha.

Mu 2024 tinamva za agalu amene anafa ndi chimanga. Tingadziteteze bwanji?

Chaka chimenecho chinali chowawa. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera. Mu Ogasiti nduna ya za umoyo ya nthawiyo, Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku, aflatoxin, ndipo poizoniyo anapezekanso mu ufa wina umene unayesedwa. Zinthu ziwirizi n'zolumikizana: chimanga chovutika ndi dzuwa m'munda, choboola mbozi, kenako chosungidwa chisanaume, ndi chimene chuku chimakonda.

Poizoniyu amawononga chiwindi. Akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B, ndipo akuganiziridwanso pa kupinimbira kwa ana. Kuphika sikumupha. Nsawawa nazonso zimagwidwa, choncho nsinjiro za phala la mwana zichokere ku mtedza wosankha, wopanda wofota, wakuda kapena wowawa.

Pano pali choonadi chimene wokonda mgaiwa ayenera kuchimva: chuku chambiri chimakhala pa khungu ndi pa kamtima, choncho kukonola kumachotsako gawo lake. Mgaiwa ndi wabwino pokhapokha chimanga chake chili chabwino. Musanapite ku chigayo, thirani chimanga pa lichero, mupete, musankhe. Njere zobiriwira, zakuda, zosweka, zofumbwa ndi zomatana zichoke. Mukachitsuka, zoyandama zitayidwe ndipo chotsalacho chiume gwa musanagayitse. Ngati chimanga chikuoneka chokayikitsa koma mulibe china, chikonoleni. Pogula pamsika lowetsani dzanja m'kati mwa thumba, mununkhize, mulume njere. Youma bwino imathyoka ndi phokoso.

Kunyumba, thumba lisagone pa simenti kapena kutsamira khoma, makamaka m'nyumba zimene madzi amalowa nthawi ya mvula; liikeni pa matabwa. Chokolola chiyanikidwe pa tenti kapena pa mphasa, osati pa dothi. Ndipo chowola chimene mwasankha chija musaphikire mowa kapena kupatsa ziweto, chifukwa ng'ombe ikadya chuku poizoniyo amatulukira mu mkaka. Chikwirireni kapena chitentheni.